Madzi Saiwala Khwawa: Ndalama, Zipani ndi Kavotedwe ku Japan

Anthu akakhumudwa ndi atsogoleri awo a ndale, kawirikawiri amafunafuna lamulo limodzi loti likangosinthidwa, zonse zilongosoke. Ena amati nthenda ili pa ndalama zimene zipani zimalandira mseri. Ena amati ili pa aphungu osamvera chipani chawo, kapena omvera mopitirira muyeso. Enanso amati yagona pa kavotedwe. Dziko la Japan lidayesa kuchiza zitatu zonsezi ndi mankhwala a mumphika umodzi m'chaka cha 1994, ndipo popeza papita zaka zoposa 30, tingathe tsopano kufunsa kuti wodwalayo adachira mbali iti. Yankho langa, limene owerenga aliyese okha, ndi ili: chimene anthu adalonjezedwa, ndiko kutha kwa ndale za ndalama, sadachione, chimene adalandira ndi mtsogoleri wa chipani wogwira mkwapulo, chinthu chimene ambiri a iwo sadapemphe.

Tiyambe ndi kavotedwe kakale, pakuti m'menemo ndimo mudagona gwero la zonse. Chipani cha Liberal Democratic Party, chimene tizingochitcha LDP, chidabadwa mu Novembala 1955 ndipo chidalamula dziko mosalekeza mpaka 1993. Nyumba ya Malamulo ya kumeneko ili pawiri, yam'munsi ndi yam'mwamba, ndipo yam'munsi ndiyo ili ndi mawu otsiriza posankha nduna yaikulu. M'zaka zonsezo pafupifupi dera lililonse la chisankho cha nyumba yam'munsi linkatumiza aphungu angapo, kawirikawiri atatu, anayi kapena asanu, koma wovota aliyense ankaponya voti imodzi yokha, kwa munthu mmodzi. Opeza mavoti ambiri, kuyambira woyamba kutsika mpaka mipando ya deralo itakwana, ndiwo ankapita ku Tokyo. Pa chisankho cha 1993 padali mipando 511 m'madera 129. Okonda masamu aona kale pamene pali mbuna: chipani chofuna kulamula chinkayenera kupeza mipando 256, ndiye kuti pafupifupi aphungu awiri m'dera lililonse. Choncho LDP inkaimika anthu awiri, atatu, nthawi zina anayi m'dera limodzi, ndipo mdani weniweni wa phungu wa LDP sadali wa chipani chotsutsa, koma mnzake wa chipani chomwecho.

Chitsanzo chodziwika ndi dera lachitatu la chigawo cha Gunma. M'dera limenelo, la mipando inayi, munkaima Takeo Fukuda, Yasuhiro Nakasone ndi Keizo Obuchi, onse a LDP, ndipo onse atatu adadzakhala nduna yaikulu, aliyense pa nthawi yake. Obuchi, amene adali wamng'ono mwa atatuwa, ankadziyerekeza ndi kanyumba kogulitsiramo chakudya kopanikizika pakati pa nyumba zosanja ziwiri.

Nanga anthu a chipani chimodzi, a mfundo zimodzi, angapikisane pa chiyani? Sangatsutsane pa za msonkho kapena za ubale ndi America, popeza onse akunena zofanana. Chotsala ndi kupikisana pa kukoma mtima. Phungu aliyense adali ndi bungwe lakelake la omutsatira, lotchedwa koenkai, losadalira chipani. Bungwelo linkafuna maofesi, alembi, magalimoto, maphwando, ndi maulendo a pabasi otengera mamembala kukasamba ku akasupe a madzi otentha. Paukwati phungu atumize envulopu, pamaliro atumize chipepeso, ndipo mnzake wa chipani chomwecho akapereka zochuluka, iye asachepekedwe. (Za maliro ndi chipepesozi sizisowa kuzimasulira kwa owerenga magazini ino.) Mu 1989 aphungu ena achinyamata a LDP adaulula mabuku awo a ndalama, ndipo kudaoneka kuti phungu wamba, wongoyamba kumene, ankamwaza mayeni oposa 100 miliyoni pa chaka. Malipiro ake a boma sankayandikira n'komwe pamenepo.

Likulu la chipani silikadatha kuthandiza mmodzi n'kusiya mnzake, popeza onse adali ana ake. Mpata umenewu udadzazidwa ndi timagulu ta m'chipani, totchedwa habatsu, kawirikawiri tisanu tikulutikulu. Mkulu wa kagulu ankasonkhanitsa ndalama kumakampani n'kumagawira anyamata ake, kuwamenyera nkhondo kuti aime m'dzina la chipani, ndi kuwapezera maunduna. Iwo ankabweza pomuvotera pa chisankho cha pulezidenti wa chipani, amene ndiye ankakhala nduna yaikulu.

Apa tiyenera kusamala, chifukwa ena amaganiza kuti LDP yakale idali chipani chopanda mwambo. Ayi ndithu. M'Nyumba ya Malamulo aphungu ake ankavota ngati munthu mmodzi. Chinsinsi chake n'chakuti lamulo lililonse lisanafike m'nyumbamo linkayamba ladutsa m'makomiti a chipani, m'mene wamphamvu aliyense ankatha kulidula mapiko. Likamafika poti livoteredwe, padalibenso wolidandaula. Mwambo udalipo, koma mwini wake sadali mtsogoleri. Mu Novembala 1979, timagulu titalephera kumvana, aphungu a LDP adafika povotera anthu awiri a chipani chawo chomwe pa mpando wa nduna yaikulu, Masayoshi Ohira ndi Fukuda uja. Ohira adapambana, koma mu Meyi 1980 adani ake a m'chipani adajomba dala pa tsiku limene otsutsa adapempha nyumba kuti inene kuti ilibenso chikhulupiriro mwa boma, ndipo boma lidagonja. Fukuda adakhalabe m'chipani pamodzi ndi kagulu kake. Kuchotsa munthu m'chipani masiku amenewo sikudali chilango chopweteka: m'dera la mipando isanu munthu ankatha kudutsa ndi mavoti ngati 15 pa 100 alionse, a koenkai yake yokha, ndipo akapambana chipani chinkamulandiranso ndi manja awiri.

Palibe amene adaonetsa zimenezi kuposa Kakuei Tanaka, mwana wa kumudzi ku Niigata amene sadapite patali ndi sukulu koma adakhala nduna yaikulu mu 1972. Adatula pansi udindo mu Disembala 1974, mtolankhani Takashi Tachibana atafukula za chuma chake m'magazini ya Bungei Shunju. Mu Julayi 1976 adamangidwa pa mlandu wolandira chiphuphu cha mayeni 500 miliyoni kuchokera ku Lockheed, kampani yopanga ndege ya ku America, ndipo adatuluka m'chipani. Mu Okutobala 1983 khoti lidamupeza wolakwa n'kumugamula zaka zinayi. Iye adachita apilo, ndipo patangopita miyezi iwiri anthu a kwawo adamupatsa mavoti oposa 220,000, ochuluka kuposa onse amene adapezapo kale. Munthu amene sadalinso membala wa LDP ndiye adali ndi kagulu kakakulu koposa m'chipanimo, ka aphungu oposa 100, ndipo nduna zazikulu zinkaikidwa iye atavomereza, mpaka pamene adagwidwa ndi matenda opha ziwalo mu 1985.

Wolowa m'malo mwake, Takeo Miki, adaika malire pa zopereka za makampani mu 1975. Andale adapeza khomo lina, ndilo phwando. Phungu kapena kagulu amalipira chipinda chachikulu m'hotela n'kugulitsa matikiti pa mtengo wokwera kwa makampani, amene amagula ambirimbiri osabwera n'komwe kudzadya. Owerenga asunge matikiti amenewa m'mutu, pakuti tikumana nawonso.

Mu Juni 1988 nyuzipepala ya Asahi Shimbun idayamba kufukula nkhani ya kampani ya Recruit, imene mwini wake, Hiromasa Ezoe, adagawira andale ndi akuluakulu a boma masheya otsika mtengo asanayambe kugulitsidwa pamsika, kuti adzawagulitse pa phindu lalikulu. Pafupifupi mkulu aliyense wa LDP adakhudzidwa, ndipo izi zidaululika pa nthawi yomwe boma linkakhazikitsa msonkho watsopano wa 3 pa 100 pa zinthu zogula munthu aliyense. Nduna yaikulu Noboru Takeshita adatula pansi udindo mu 1989, ndipo mu Julayi chaka chomwecho LDP idataya ulamuliro m'nyumba yam'mwamba kwa nthawi yoyamba. Toshiki Kaifu adabweretsa malamulo osintha kavotedwe mu 1991. Chipani chake chomwe chidawapha, iyenso adagwa nawo.

Chimene chidatsitsa dzaye ndi nkhani ya Shin Kanemaru, wachiwiri kwa pulezidenti wa chipani ndiponso mkulu wa kagulu kamene kadachokera kwa Tanaka. Mu Ogasiti 1992 adavomera kuti adalandira mayeni 500 miliyoni kuchokera ku kampani yonyamula katundu ya Tokyo Sagawa Kyubin. Chindapusa chimene adalipira chidali mayeni 200,000, ndiye kuti yeni imodzi pa mayeni 2,500 alionse amene adalandira. Mu Malichi 1993 adamangidwa chifukwa chozemba msonkho, ndipo ofufuza adapeza zibuma za golide ndi zikalata za ndalama zimene adabisa.

Chodabwitsa n'chakuti amene adatsogolera kusintha adatuluka m'khola lomwelo. Ichiro Ozawa adaleredwa pa ndale ndi Tanaka ndi Kanemaru, ndipo njira za ndalama ankazidziwa ngati njira ya kudambo. Atalephera kulanda kagulu Kanemaru atagwa, adapatuka ndi anthu ake pamodzi ndi Tsutomu Hata n'kuyamba kulalikira kuti gwero la zoipa zonse ndi madera a mipando yambiri. Ine ndikhulupirira kuti Ozawa sankanama, koma cholinga chake chachikulu sichidali kuyeretsa ndale. Iye ankafuna zipani ziwiri zikuluzikulu zosinthana ulamuliro monga ku Britain, ndi nduna yaikulu yotha kulamula osagwadira timagulu. Anthu wamba, atanyansidwa ndi golide wa Kanemaru, ankafuna kuti ziphuphu zithe. Zofuna ziwirizi zidamangidwa mtolo umodzi pansi pa dzina limodzi lakuti kukonza ndale, ndipo aliyense wofunsa ngati kusintha madera kungathetsedi ziphuphu ankaonedwa ngati woikira kumbuyo zakale.

Pa 18 Juni 1993 kagulu ka Hata ndi Ozawa kadavota pamodzi ndi otsutsa n'kugwetsa boma la Kiichi Miyazawa. Pa chisankho cha mu Julayi LDP idapeza mipando 223, yosakwana theka, ndipo mu Ogasiti magulu asanu ndi atatu adapanga boma lotsogozedwa ndi Morihiro Hosokawa. Chingwe chowamanga pamodzi chidali chimodzi chokha, malamulo okonza ndale. Boma lidayamba ndi maganizo a mipando 250 ya madera a phungu mmodzi ndi 250 yogawidwa kwa zipani molingana ndi mavoti. Mu Januwale 1994 nyumba yam'mwamba idakana malamulowo, chifukwa aphungu ena a chipani cha Socialist, chimene chidali m'boma lomwelo, adavota motsutsa. Iwo adaona kuti akutumidwa kukumba manda awo omwe. Usiku wa pa 28 Januwale Hosokawa adakumana ndi pulezidenti wa LDP, Yohei Kono, ndipo adagwirizana pa mipando 300 ndi 200, chiwerengero chopendekera ku zofuna za LDP. Miyezi itatu isanathe, Hosokawa adalengeza zotula pansi udindo kaamba ka ngongole ya mayeni 100 miliyoni imene adatenga kale ku Sagawa Kyubin yomwe ija. Mu Juni LDP idabwerera m'boma, itagwirana chanza ndi a Socialist, adani ake a zaka pafupifupi 40.

Zimene adagwirizana ndi izi. Wovota amaponya mavoti awiri, ina ya munthu wa dera lake, ina ya chipani m'chigawo chake mwa zigawo 11. Munthu angathe kuima mbali zonse ziwiri, kotero kuti wogonja m'dera amatha kuuka kudzera pa mndandanda wa chipani, ndipo aphungu otere amanyozedwa ndi dzina lotanthauza mizukwa. Pa za ndalama, boma lidayamba mu 1995 kupereka kwa zipani mayeni 250 pa mutu wa munthu aliyense, zimene andale ankati ndi mtengo wa kapu imodzi ya khofi, koma zikaphatikizidwa zimapitirira mayeni 30 biliyoni pa chaka. Theka limagawidwa poyang'ana mipando, theka poyang'ana mavoti. Chipani cha Communist chidakana kulandirako. Posinthana ndi ndalama za msonkhozi, dzanja la makampani lidayenera kuchoka m'ndale. Kuyambira 2000 kampani siloledwa kupereka kwa phungu payekha. Koma za zopereka zopita ku zipani, lamulo lidangoti zidzaunikidwanso pakapita zaka zisanu.

Tione tsono zimene zidatheka. Chipani cha Socialist, chimene chidali ndi mipando 136 mu 1990, chidatsala ndi 15 pa chisankho choyamba cha dongosolo latsopano mu 1996. Oukira aja sankalota. Kusinthana ulamuliro kudachitikadi mu 2009, pamene Democratic Party of Japan idapeza mipando 308 mwa 480. Koma mu 2012 LDP idabwerera itatenga madera 237 mwa 300 ndi mavoti 43 okha pa 100 alionse, otsutsa n'kuyamba kugawikana, ndipo maloto a Ozawa a zipani ziwiri adathera pomwepo.

Chimene chidasinthiratu ndi mphamvu ya mtsogoleri. M'dera la phungu mmodzi chipani chimaimika munthu mmodzi, ndipo mawu otsiriza pomusankha ndi a likulu. Ndalama za boma zimalowa m'thumba la likulu, osati la kagulu. Woyamba kugwiritsa ntchito mkwapulo umenewu mokwanira adali Junichiro Koizumi, amene poyamba paja adali mmodzi mwa otsutsa madera a phungu mmodzi, pochenjeza kuti adzapatsa atsogoleri a chipani mphamvu zoopsa. Mu 2005, ali nduna yaikulu, adafuna kuchotsa positi ofesi m'manja mwa boma. Positi ya ku Japan sidali yongonyamula makalata. Idali nkhokwe yaikulu ya ndalama zimene anthu ankasungitsa, ndipo oyang'anira mapositi a m'midzi ndiwo ankasonkhanitsira mavoti aphungu ambiri a LDP. Mu Julayi lamulolo lidadutsa m'nyumba yam'munsi ndi mavoti 233 kwa 228, aphungu 37 a LDP atavota motsutsa, ndipo mu Ogasiti lidagwa m'nyumba yam'mwamba. Tsiku lomwelo Koizumi adathetsa nyumba yam'munsi. Adakana kuti 37 aja aimenso m'dzina la chipani, ndipo adatumiza anthu odziwika kukalimbana nawo m'madera mwawo, anthu amene nyuzipepala zidawatcha achiwembu. Mayi Yuriko Koike adatumizidwa ku dera lachikhumi la Tokyo n'kukagwetsa Koki Kobayashi. LDP idapeza mipando 296. Ohira mu 1980 sakadalota n'komwe zoterezi. Ena mwa oukira, amene koenkai zawo zidali zolimba, adapulumuka, ndipo 11 adaloledwa kubwerera m'chipani mu 2006 atalemba makalata olonjeza kumvera. Koma aphungu onse adali ataona chimene chidameta nkhanga mpala.

Sindikuti zonsezi zidali zoipa. Wovota adayamba kudziwa woti amuloze chala zinthu zikalakwika, pamene kale ankangomva kuti akuluakulu a timagulu apangana usiku. Shinzo Abe adalamula kuyambira 2012 mpaka 2020, nthawi yaitali mosalekeza kuposa nduna yaikulu ina iliyonse. Koma mtengo wake udali wakuti phungu wamba adaphunzira kuyang'ana nkhope ya likulu asanatsegule pakamwa.

Nanga ndalama? Madzi saiwala khwawa. Lamulo lidaletsa kampani kupereka kwa phungu, koma lidailola kupereka ku nthambi ya chipani. Tsono phungu adakhala wapampando wa nthambi ya chipani ya dera lake, ndipo envulopu idangosintha adiresi. Ndalama za boma zimawerengedwa poyang'ana mmene zipani ziliri pa 1 Januwale, ndipo gulu la aphungu asanu limayenera kulandirako; choncho Disembala udasanduka mwezi wobadwa zipani zatsopano. Mu 2019, pa chisankho cha nyumba yam'mwamba ku Hiroshima, kumene mipando idali iwiri ndipo LDP idaimika anthu awiri monga masiku akale, likulu lidatumiza mayeni 150 miliyoni ku mbali ya Mayi Anri Kawai ndi 15 miliyoni okha kwa mnzawo Kensei Mizote. Mwamuna wa mayiyu, Katsuyuki Kawai, amene patapita miyezi iwiri adaikidwa kukhala nduna ya zachilungamo, adagamulidwa zaka zitatu mu 2021 chifukwa chogawa pafupifupi mayeni 29 miliyoni kwa anthu 100 pofuna kugula mavoti. Okonza a 1994 adanenadi zoona kuti kupikisanitsa ana a chipani chimodzi kumabala ziphuphu. Chatsopano chidali chakuti wosankha mwana wokondedwa tsopano adali likulu lenilenilo.

Tibwerere ku matikiti aja. Malamulo a 1994 adati dzina la wopereka mphatso yoposa mayeni 50,000 lilembedwe poyera, koma la wogula matikiti a phwando lilembedwe pokhapokha akapitirira mayeni 200,000. Mu Novembala 2022 nyuzipepala ya chipani cha Communist, Shimbun Akahata, idalemba kuti mabuku a timagulu ta LDP sakugwirizana ndi mabuku a mabungwe amene adagula matikiti. Mphunzitsi wa malamulo pa yunivesite ya Kobe Gakuin, Hiroshi Kamiwaki, adakhala pansi n'kufananitsa mabukuwo tsamba ndi tsamba, kenaka n'kukasuma kwa oimira boma pa milandu. (Anzathu amene amati za m'mabuku sizigwedeza boma alingalirepo apa.) Pofika Disembala 2023 zidadziwika kuti kagulu kamene kadali ka malemu Abe kankapatsa phungu aliyense chiwerengero cha matikiti oti agulitse, ndipo ndalama za matikiti opitirira chiwerengerocho zinkabwezedwa kwa iye osalembedwa m'mabuku. M'zaka zisanu ndalama zosalembedwa za kaguluko zidapitirira mayeni 600 miliyoni. Timagulu timene tidayenera kufa ndi njala pambuyo pa 1994 tidali tikudyabe. Mu Januwale 2024 nduna yaikulu Fumio Kishida adathetsa kagulu kake, tina tidatsatira, ka Taro Aso kadakana. Mu Epulo chipani chidalanga anthu ake 39.

Pa chisankho cha mu Okutobala 2024 wolowa m'malo mwa Kishida, Shigeru Ishiba, adatola mkwapulo wa Koizumi n'kukana kuti 12 mwa okhudzidwawo aime m'dzina la chipani. Patatsala masiku ochepa kuti anthu avote, Akahata yomwe ija idaulula kuti likulu lidatumiza mayeni 20 miliyoni ku nthambi iliyonse yotsogozedwa ndi ena mwa okanidwawo, ndalama zofanana ndi za ovomerezedwa, zochokera m'thumba la mayeni 250 aja. LDP idatsikira pa mipando 191 mwa 465, ndipo ngakhale pamodzi ndi bwenzi lake, chipani cha Komeito, idalephera kukwanitsa theka. Mu Okutobala 2025 Komeito, imene idayenda ndi LDP kuyambira 1999, idatuluka mumgwirizanowo. Chifukwa chachikulu chimene idapereka chidali kuzengereza kwa LDP pokhwimitsa malamulo a zopereka za makampani, nkhani yomwe ija imene lamulo la 1994 lidati idzaunikidwanso pakapita zaka zisanu.